Mphaka Pakhomo: Ayende Mpaka Pati, Agone Kuti?

Kabuku ka mabanja a m'maboma a Machinga ndi Balaka

Mwa ziweto zonse zimene munthu anapatsidwa kuti zikhale naye, mphaka yekha ndiye alibe khola, alibe chingwe, alibenso mbusa. Pakuti mbuzi timaimangirira m'dzinja kuti ingadye mmera wa eni, nkhuku timaziwerenga madzulo polowa, ngakhale galu amadziwa mluzu wa mbuye wake, koma mphaka amatuluka pamene wafunira nabwera pamene wafunira, ndipo mwini wake akafunsidwa kumene chiweto chake chagona, amangoti kukamwa yasa. Kabuku kano kalembedwa kuti kathandize eni makomo, kuyambira ku Phalula ndi ku Utale kufikira ku Ntaja, ku Chikweo ndi ku Nayuchi, kuweruza ngati kuyendayenda kumeneku n'koyenera. Maganizo athu tiwanene poyamba pomwe: masana mphaka ayende pabwalo ndi kuseri kwa nyumba, koma dzuwa likalowa alowe nayenso, nagone m'chipinda momwe muli chimanga, ndipo zilipo nyengo zina pamene sayenera kutuluka konse.

Ntchito imene tinamuitanira

Ophunzira za mbiri ya nyama amatiuza kuti mphaka wa pakhomo ndi mdzukulu wa vumbwe, yemwe uja amagwira nkhuku m'mphepete mwa thengo, ndi kuti anayamba kuyandikira midzi zaka pafupifupi 10,000 zapitazo ku maiko a ku Middle East, pamene anthu a kumeneko anayamba kusunga tirigu, mbewa n'kumasonkhana pa chakudyacho. Chotero pangano la munthu ndi mphaka linapanganidwira pa nkhokwe kuyambira pachiyambi, ndipo mpaka lero mukafunsa mayi wa ku Ulongwe kapena wa ku Nsanama chimene anakapemphera kamphaka kwa mnansi wake, adzakuyankhani kuti ndi makoswe.

Tsono tione kumene mdaniyo amakhala. Khoswe si nyama ya kutchire ayi. Amamanga chisa m'denga la udzu, kuseri kwa matumba ndi m'mabowo a m'munsi mwa khoma, masana amagona, ndipo nyali ikazima ndi pamene amatsika kudzaboola matumba a chimanga, a nandolo, a mtedza ndi a mpunga wa ku madambo a nyanja ya Chilwa, kudzatafuna mabulangete ndi makope a ana a sukulu, ngakhale kuluma zidendene za munthu ali m'tulo. Makolo athu ankasunga chimanga m'nkhokwe pabwalo, koma masiku ano, chifukwa cha akuba ndi anankafumbwe, mabanja ambiri amachitonola, nachithira m'matumba, nachiunjika kuchipinda. Ndipo amene anagula matumba a PICS, aja osalowa mpweya, adziwa kuti khoswe akangoboola kabowo kamodzi mphamvu ya thumbalo yatha. Ngati chuma chili m'nyumba, wakubanso ali m'nyumba momwemo, n'chifukwa ninji mlonda agone kuthengo? Mphaka wotsekeredwa kunja usiku amapita kumunda kukasaka mbewa, zomwe anyamata akanakumba okha m'chilimwe, makoswe natsala akuchita phwando pa matumba.

Komabe tisamusenzetse katundu woposa mphamvu yake. M'chaka cha 2017 ofufuza anasindikiza zimene anapeza m'makomo a kumidzi ku Swaziland, dziko lomwe tsopano likutchedwa Eswatini: pakhomo pamene panali mphaka ndi galu pamodzi makoswe ankaopa kutuluka kudzadya, koma pamene panali mphaka yekha kapena galu yekha kusiyana kwake kunali kochepa. Mphaka salowa m'malo mwa tsache, msampha ndi maso a mwini nyumba. Matumba akhale pa thandala la mitengo, osagunda pansi kapena khoma, ndipo patsale mpata woti mphaka azitha kuwazungulira. Madeya ndi makombo zisagone poyera. Amene adakali ndi nkhokwe akute miyendo yake ndi malata osalala. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo khoswe amene wapeza pobisala pakati pa matumba othithikana, mphaka amangomumva fungo.

Njala si mphunzitsi

Chilipo chiphunzitso chofala m'midzi mwathu chakuti mphaka ukamudyetsa amachita ulesi, ndipo kuti agwire makoswe ayenera kugona ndi njala. Chiphunzitso chimenechi n'chonama, ndipo ndicho gwero la milandu yambiri ya pakati pa anansi. Mphaka amasaka chifukwa ndi chibadwa chake, wokhuta ndi wanjala yemwe. Kusiyana kwake n'kwakuti wokhuta ali ndi mphamvu ndi chipiriro chodikira khoswe pa bowo nthawi yaitali, pamene wanjala amafuna chapafupi, ndiye amavundukula mphika wa ndiwo kwa eni, nakwera pa thandala pomwe ayanika matemba, nanyamula anapiye a nkhuku yongoswa kumene, kufikira tsiku lina mwini wake aitanidwa kwa anyakwawa kukalipira chimene sanadye.

Thupi la mphaka linalengedwa kudya nyama, ndipo nsima yokha siimukwanira. Koma sitikunena kuti banja lizigula chakudya cha m'zitini cha m'masitolo a m'tauni. Kansima pang'ono kosakaniza ndi mitu ya matemba, usipa kapena bonya, matumbo a nkhuku ophika ndi zotsala za nsomba zochotsa minga, n'zokwanira. Anyezi ndi adyo zimaononga magazi ake, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri aakulu. Madzi oyera akhalepo usana ndi usiku.

Chakudya chachikulu chiperekedwe madzulo, pa nthawi imodzimodzi, m'mbale imodzimodzi, m'chipinda momwe mufuna kuti azigona, ndipo pomupatsa muzimuitana ndi kaitanidwe kosasintha. Pakapita masiku owerengeka mudzaona kuti nkhuku zikamalowa iye ali kale pakhonde, mchira uli chilili, akudzikhula m'miyendo ya mayi amene akuomola nsima. Pamenepo chotsala ndi kutseka chitseko basi.

Zimene zimamudikira mumdima

Za magalimoto ndi njinga zamoto sitichulutsa mawu, pakuti okhala m'mbali mwa msewu wa M1 ku Phalula, kapena wa M3 ku Liwonde ndi ku Ulongwe, amaona okha m'mawa zimene zatsala pa tala. Momwemonso agalu, afisi, nsato ndi mphiri. Choopsa chachikulu ndi tameki, timibulu takuda tija timagulitsidwa m'timapepala m'misika. Munthu amatisakaniza ndi matemba kapena nsima natchera makoswe, osaganiza kuti fungo la matembalo limaitana mphaka wa mnansi msanga kuposa khoswe. Ndipo mphaka akadya nyamboyo, kapena khoswe amene waidya, amatuluka dovu, nanjenjemera, nafa lisanathe tsiku. Ululu womwewo umapha nkhuku, umapha kadzidzi amene nayenso amadya makoswe usiku wonse, ndipo mwana wokwawa akautola ndi maliro. Banja loweta mphaka lisiyane nawo mankhwala amenewa. Amene watsimikiza kuwatchera auze anansi ake dzuwa lisanalowe, ndipo makoswe akufa awakwirire m'dzenje lakuya, osawataya kudzala.

Chilipo china chimene sitingachilambalale. Mphaka wachilendo akapezeka pakhomo usiku, makamaka akakhala wakuda, kapena akamveka akulira kuseri ndi mawu onga a khanda, ambiri amati watumidwa. Amamugenda, ndipo mwini wake, makamaka akakhala gogo wokhala yekha, amayamba kulozedwa chala. Kulira kumene kuja ndi kwa mphaka wamkazi amene akufuna mwamuna, kapena kwa amuna awiri olimbirana mkazi mmodzi, palibenso china; ndipo lamulo la dziko lino la m'chaka cha 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Koma lamulo silifika msanga pa bwalo la mudzi usiku, ndipo gogo amene mphaka wake amagona m'nyumba wadzichotsera pakamwa pa anthu.

Chiwewe

Pano tikhalitsepo, pakuti ndi nkhani ya moyo wa munthu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo pakati pawo muli ana ambiri; limatinso pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Wina angati, nanga mphaka walakwanji? Yankho lake n'lakuti mphaka woyenda usiku amakumana ndi galu wachiwewe kapena nkhandwe kumene inu simukuona, nalumidwa, nabwera ndi kabala kobisika mu ubweya. Pakapita milungu kapena miyezi nthendayo imafika kubongo, ndipo nyama imene inkagona pamphasa ndi ana imasanduka mdani wa m'nyumba. Mano a mphaka ndi owonda ndipo amalowa mwakuya, ndiponso ana amakonda kumunyamula pafupi ndi nkhope, kumene nthendayo siichedwa kufika kumutu. Zizindikiro zikangooneka pa munthu, palibenso dokotala kapena sing'anga amene angamubweze.

Chitetezo chilipo, ndipo n'chakale ndithu, popeza Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa mwana wolumidwa ndi galu ndi katemera wake m'chaka cha 1885. Tsiku limene iye anamwalira, 28 Sepitembala, ndilo dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Kuno kwathu alangizi a ziweto a boma amabaya katemera m'madera mwawo, ndipo bungwe la Mission Rabies linayamba kutemera agalu ambirimbiri mu mzinda wa Blantyre m'chaka cha 2015. Chodandaulitsa n'chakuti uthenga ukamveka m'mudzi anthu amati ndi "katemera wa agalu", mphaka nasiyidwa pakhonde. Mphaka abayidwe akakwana miyezi 3, ndipo pambuyo pake chaka ndi chaka. Popita naye musamunyamule m'manja, pakuti akaona khamu la agalu adzakukandani nathawa. Mumuike m'dengu lovindikira kapena m'katoni yoboola timabowo ta mpweya. Tsiku la katemera likakupitirirani, kafunseni ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, kaya ndi ku Ulongwe, ku Utale, ku Phalula, ku Nsanama, ku Nyambi kapena ku Chikweo.

Mphaka amene khalidwe lake lasintha mwadzidzidzi, wofatsa n'kuyamba ukali, wolumpha anthu popanda chifukwa, wotuluka dovu, wosasa mawu, kapena wokoka miyendo yakumbuyo, musamugwire ndi manja. Muchotse ana, mumutsekere ngati n'kotheka kutero popanda kumukhudza, ndipo mutumize uthenga kwa alangizi a ziweto ndi kwa amfumu. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa mpaka kutuluka magazi, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri othira moyenderera kwa mphindi 15, zimene zimaoneka zambiri koma musazidule. Asapakepo phulusa, tsabola kapena zitsamba. Ndipo tsiku lomwelo apite ku chipatala chapafupi, kapena ku chipatala cha boma cha Balaka, kapena cha Machinga chomwe chili ku Liwonde. Jekeseni wake si mmodzi, ndipo ayenera kumaliza onse pa masiku amene achipatala alemba, ngakhale bala litapola. Mphaka amene waluma, ngati akuoneka wathanzi, asaphedwe. Atsekeredwe ndi kudyetsedwa kwa masiku 10, pakuti nyama imene inali ndi chiwewe m'malovu pa tsiku lolumalo imadwala kapena kufa masiku amenewa asanathe. Koma wolumidwayo asakhale pakhomo kudikira chigamulo cha mphaka.

Okhala m'malire mwa nkhalango

Nkhalango ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1973 ndipo yakhala ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma kuyambira 2015, ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400. Mpanda wake unamangidwa kuti utchinge njovu ndi zilombo zikuluzikulu, ndipo sitingaudalire kuti utchinga mphaka. Iye akalowa m'tchire amadya mbalame zoikira pansi, abuluzi ndi achule, zomwe zimatidyera tizilombo ta m'minda. Amakwerananso ndi vumbwe, mtundu wa vumbwe weniweni n'kumasungunuka pang'onopang'ono. Kunena zoona sitinganamizire mphaka yekha kutha kwa mbalame m'midzi mwathu, pakuti legeni, ulimbo, nkhwangwa ndi moto wa lupsa zili ndi mlandu wawo. Komabe zimene amphaka osayang'aniridwa angachite zinaoneka poyera pa chilumba cha Marion, cha dziko la South Africa. Kumeneko anthu anapititsa amphaka 5 m'chaka cha 1949 kuti aphe mbewa za m'nyumba zawo. Pofika 1977 analipo pafupifupi 3,400, akudya mbalame za m'nyanja zikwi mazanamazana pa chaka, mbewa zili phee. Ndipo ntchito yowachotsa inatha m'chaka cha 1991. Maiko ena afika poika malamulo: mu mzinda wa Canberra ku Australia, mphaka wobadwa kuyambira pa 1 Julayi 2022 saloledwa kutuluka pa malo a mwini wake. Lamulo lotere silingatheke m'nyumba zathu za zipinda ziwiri zopanda mpanda, ndipo sitikulipempha. Chimene tikupempha okhala m'malire mwa nkhalangoyi, ndi m'mbali mwa nyanja za Chilwa, Chiuta ndi Malombe, n'chakuti mphaka alowe kusanade ndipo atuluke dzuwa litakwera, chifukwa mbandakucha ndi chisisira ndizo nthawi zimene iye amasaka koposa.

Kuswana

Mphaka wamkazi angatenge bere ali ndi miyezi 5 kapena 6 yokha. Bere lake ndi la milungu 9. Amaswa kawiri kapena katatu pa chaka, ana atatu, anayi kapena asanu nthawi imodzi. Mwini nyumba awerenge yekha. Walira mvula walira matope, ndipo amene wapempha kamphaka kakakazi wapempha ndi ana ake omwe. Njira yokhazikika ndiyo kufula wamwamuna ndi kutseketsa wamkazi kwa dokotala wa ziweto. Wamwamuna wofulidwa amachepetsa maulendo, ndewu ndi kukodzera makoma, koma makoswe amawagwira monga kale. Ntchitoyi isachitikire pakhomo ndi lezala kapena mphira monga ena amachitira ndi atonde. Funsani alangizi a ziweto kumene ingachitike. Tiana tikabadwa tiyamwe milungu 8 tisanaperekedwe kwa ena, ndipo tisatayidwe kuthengo m'thumba, pakuti totsala ndi moyo timakula tosadziwa munthu, n'kudzakhala mbala za nkhuku za mudzi womwewo.

Pogona pake

Mphaka wogona m'nyumba afunika podzithandizira, ndipo apa ndi pamene amayi ambiri amakanira, poopa fungo. Tengani beseni lakale kapena chigubu chodula pakati, muthiremo mchenga wouma wosakaniza ndi phulusa pang'ono, muliike pakona patali ndi matumba ndi mbale yake. Iye mwachibadwa amakumba, nadzithandiza, nakwirira. M'mawa uliwonse chimbudzicho chichotsedwe ndi fosholo kapena chibenthu cha lata, chitayidwe m'chimbudzi chokumba kapena chikwiriridwe kutali ndi chitsime, dimba la ndiwo ndi posewera ana, ndipo wochotsayo asambe m'manja ndi sopo. Tikuti m'mawa uliwonse chifukwa m'chimbudzi cha mphaka wodya makoswe mungakhale tizilombo ta nthenda ya toxoplasmosis, tomwe timayamba kupatsirana patapita tsiku limodzi kapena kuposerapo. Kwa munthu wathanzi nthendayi kawirikawiri siimveka n'komwe, koma ingavulaze mwana wosabadwa, ndiponso munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika chifukwa cha HIV. Mayi woyembekezera asathamangitse mphaka. Angosiyira bambo kapena mwana wamkulu ntchito ya beseniyi.

Mphaka asagone pa mphasa ya khanda. Mumuyalire thumba lakale, limene muziliyanika padzuwa ndi kulikutumula chifukwa cha nthata. Ndipo mukaona kuti ubweya wathothoka mozungulira, dziwani kuti chingakhale chipere, chomwe ana amatengera pomufukata. Mankhwala a njoka za m'mimba amwe miyezi itatu iliyonse, monga alangizi angakuuzireni. Koma chenjerani ndi mankhwala a pakhomo: Panado, amene amatithandiza ife, amapha mphaka; dibi wa ng'ombe, mankhwala a nthata za agalu ndi parafini zisamukhudze, ndipo tsiku lothira mankhwala a anankafumbwe m'chimanga, mphaka agone chipinda china kufikira matumba atasokedwa ndi pansi patasesedwa.

Kutsekera chiweto kuli ndi udindo wake. Abale athu achisilamu, amene ali ambiri m'maboma awiriwa, amadziwa chiphunzitso cha Mtumiki Muhammad chonena za mayi amene analangidwa chifukwa anatsekera mphaka osamupatsa chakudya, osamumasulanso kuti akadzifunire yekha. Ndipo Akhristu nawonso amaphunzitsidwa kuchitira chifundo chiweto. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene chigwa cha Shire chimatentha mpaka malata kulira, chipinda chotseka chopanda zenera chingaphe mphaka. Pakhale polowa mpweya potchinga ndi waya, ndi madzi osaphwa m'mbale.

Nyengo zosatuluka konse

Mphaka wongofika kumene akhale m'nyumba milungu iwiri usana ndi usiku kuti adziwe kuti pano ndi pake, apo ayi adzayamba ulendo wobwerera kumene anachokera. Momwemonso zikamveka kuti m'mudzi mwadutsa galu wachiwewe, atsekeredwe kufikira alangizi atanena kuti kwayera; mnansi akatchera mankhwala a makoswe, atsekeredwe kufikira nyambo ndi mitembo ya makoswe zitachotsedwa; wamkazi wosatseketsa akayamba kulira kwake kofuna mwamuna, asatuluke kufikira atatonthola; ndi wongochokera kwa dokotala, kufikira bala litauma. Za anapiye, n'kwapafupi kuvindikira iwo ndi make m'chitete milungu yoyamba kusiyana ndi kumanga mphaka, popeza chitete chomwecho chimawatchinjirizanso kwa kabawi ndi khwangwala. Ndipo mizati ya khola la nkhunda ikutidwe ndi malata monga miyendo ya nkhokwe.

Banja likamachoka masiku angapo, kaya ndi kumaliro, kuchinkhoswe, kapena kukakolola mpunga kudambo, kiyi asiyidwe kwa mnansi wodalirika pamodzi ndi kambale ka matemba, ndipo auzidwe nthawi imene mphaka amadya, kaitanidwe kake, ndi kumene mchenga wa m'beseni umatayidwa. Ndipo pobwera, mwini nyumba akonzeke kudzachitira mnansiyo chimodzimodzi pa tsiku la ulendo wake.